Magazi Sadikira Moni

Ndinachoka ku Chiwanga kuti ndikakonze za umoyo m'dziko lonse lino. Sukulu ya za laboratoriyo ku Nampula sinagwirizane nane pa mfundo zingapo, makamaka mayeso, choncho tinasiyana mwaulemu. Kubwerera kunali manyazi. Ndinapeza ntchito pa chipatala china, yonyamula magazi a odwala kwambiri kupita nawo ku makina. Kwa amayi ndinkatumiza uthenga woti ndili m'gawo la magazi, limodzi ndi kandalama ka sopo. Bodza panalibe.

Magazi oyezera mpweya amatengedwa ndi seringa, ndiye jakisoni, pamkono, pamtsempha wogunda, ndipo zimapweteka. Namwino wamkulu, Dona Amina, anandiphunzitsa zoyang'ana: kathovu ka mpweya katuluke m'seringa, pakamwa pake patsekedwe, dzina lilembedwe pabedi pomwepo, ndiipukuse m'manja kuti magazi asaundane. "Kenako uziyenda. Magaziwa akupumabe m'seringamu. Ukachedwa, makina anena bodza."

Tsiku lina m'khonde ndinamva Chinyanja cha kwathu. Anali mdala wa ku Metangula, tauni ya kufupi ndi kwathu, wodwazika mwana wake. Chifikire ku Nampula panalibe amene anali atandifunsapo za amayi. Tinafunsana za kunyumba, za mwera, za usipa, za amene anamwalira ndi amene akungoopseza, seringa ili m'manja. Manambala atatuluka, adotolo anawakana. Mwini magaziwo, mayi wa pabedi la pakona, anabayidwanso akundiyang'ana.

"Moni wako wabaya munthu," anatero Dona Amina.

Kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati wopsa mapazi. Magazi anga sanakanidwenso, ndipo anzanga anatha.

Chinandibweza kwathu ndi Marita, amene ndinkafuna kumukwatira. Wokandilankhulira kwa makolo ake anayenera kukhala amalume anga, a Yakobe. Nditatsika shapa, ndiye minibasi ya kwathu, ku Metangula, miyendo inkaganizabe kuti ili kuchipatala. Ndinawadutsa amalume pamsika, n'kungogwedeza mutu. Ndisanavule n'komwe nsapato, uthenga wa amalume unafika: mphwawo wa ku Nampula sakumudziwa, unkhoswe akapemphe makina.

Ndinapita, ndinakhala pansi, ndinawafotokozera sayansi yonse, mpaka kathovu.

"Zimenezo si zachilendo," anatero. "Wonyamula nsomba zaziwisi dzuwa litakwera saima, ngakhale ansembe amawadutsa. Koma akagulitsa amabwerera kudzapereka moni. Iwe unanyamula chiyani?"

"Chikwama, amalume."

"Chikwama chimawola?"

Ndinavomera kuti maphunziro anga sanafike pamenepo.

Anandiyambitsa moni kuchokera pachiyambi: iwo, akazi awo, ana, mwendo wawo wamanzere, bwato ndi ukonde. Dzuwa linasuntha. Atakhutira anati kwa makolo a Marita apita, koma tiyi wa pakhomo pawo wakhala wowawa masiku ano.

Paketi ya shuga, mametikali 80.