Nkhanga za Lampanti

Mwana wanga wotsiriza ali moyo lero chifukwa cha liwu limodzi la Chizungu, ndipo amene analinena sankadziwa tanthauzo lake. Anali bambo ake omwe, amuna anga, mzimu wawo uuse mumtendere.

Iwo anabwerera kwathu kunyanja kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito ya ukhukhi kwa dona wina. Anabwera ndi sutikesi, chipewa ndi Chizungu cha kukhitchini. Chizungucho chambiri chinatayikira m'sitima, moti pofika pa siteshoni ya Salima anali atatsala ndi "yesi", "no" ndi liwu lina lalitali: lampanti. Ankati dona wawo sankalichotsa pakamwa. Udzudzu ukavuta, lampanti. Makoswe akalowa m'sitolo, lampanti. Supuni ikasowa, umbava wafika pa lampanti.

"Ndiye ine ndinangodziwa kuti akunena zinthu zochuluka," ankatero akukweza chipewa. "Chizungu sichilira sukulu ayi, chimalira makutu."

Aa, tinalimva liwulo mpaka makutu kuwawa! Asodzi akakoka khoka lodzaza, iwo ali chiimire pamchenga: "Lero usipa lampanti!" Mpunga ukacha bwino kudambo, lampanti. Pa ukwati wina anaimirira kuthokoza eni mwambo kuti alendo lampanti, nyama lampanti, ulemu lampanti, anthu n'kuwomba m'manja poganiza kuti awadalitsa. Ngakhale kutchalitchi, atapatsidwa pemphero, anapempha Ambuye kuti madalitso awo akhale lampanti pakati pathu, mpingo wonse n'kuvomera ame. Mnansi wathu, msodzi wachisilamu, ankangopukusa mutu: "Wallahi achimwene, liwu lanuli lidzakugubuduzirani bwato tsiku lina."

Nanenso sanandisiye. Akandilakwira ankabwera monyang'wa: "Mayi, chikondi changa pa inu ndi lampanti." Ine ndinkati, "Chabwino, kadulenitu nkhuni lampanti."

Kenaka kunabwera chaka chija mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Mpunga unapsa m'madambo, nkhokwe zinatsala kukamwa yasa. Nsomba zinalipo, koma nsomba yopanda ufa imangonyenga m'mimba, ndipo zambiri asodzi ankapita nazo kutali kukasinthitsa ndi gaga. Tinkaphika mango aawisi ndi mizu yakutchire. Ana aakulu ankapirira, koma kamtsikana kanga kotsiriza, kamene kanali katayamba kale kuthamanga ndi kulongolola, kanasiya zonse. Kanatupa mapazi, kankangokhala phee kumsana kwanga. Ndinkachita mantha kukatsitsa, kuopa kupeza kuti katha.

Ndiye kunamveka kuti mzungu wa kuboma akuyendera midzi kuona kumene njala yafika poipa, ndipo midzi yokhayo ndi imene ilandire chimanga. Anthu anagwirizana kuti wotiyankhulira akhale amuna anga, pakuti Chizungu cha mudzi wonse chinali m'kamwa mwawo.

"Bambo," ndinatero, "mukanene kuti tikufa, basi. Zamatama zanu zija muzisiye m'nyumba muno."

"Mayi, kodi ku Halale munapita ndinu?"

Tsikulo galimoto ya mzunguyo inatitimira mumchenga kunja kwa mudzi. Mesenjala amene ankamumasulira anatsala komweko akufukula matayala, mwini wake n'kubwera yekha wapansi, nkhope ili psuu, thukuta lili kamukamu. Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Amuna anga anatulukira atavala jekete la ku Halale dzuwa likuswa mtengo, n'kuima njo.

Mzungu anayankhula zambirimbiri, amuna anga akungoti, "Yesi, yesi." Ataona kuti sizikupita patsogolo, anafupikitsa. Anadzisisita pamimba n'kufunsa, "Hanga? Hanga?"

Amuna anga anatembenukira kwa ife, maso akuwala. "Akufunsa nkhanga! Azungu ndi nkhanga, ndimawadziwa ine. Akufuna kudzasaka."

"Nkhanga zake ziti?" ndinanong'ona. "Si tinadya zonse, ndi mazira omwe?"

"Khalani chete, mayi. Mlendo sumuyamba ndi madandaulo. Ayambe wakondwa, za njala zibwera pambuyo." Atatero anatambasula manja onse awiri: "Yesi bwana! Lampanti!"

Mzungu anadzidzimuka, n'kuwayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. Analoza chakumpoto, m'mbali mwa nyanja. "Hanga?"

"Lampanti!"

Analoza kumtunda, cha ku Chitala.

"Uko ndiye musanene, bwana. Lampanti, lampanti!"

Kenaka analoza ana amene anali atakhala pansi ngati anapiye onyowa. Amuna anga anaganiza kuti akuwayamikira kubereka, anadziguguda pachifuwa: "Lampanti, bwana!"

Mzungu uja anabwera kwa ine, anasuzumira kumsana kwanga, n'kudina phazi la mwana ndi chala. Chala chinasiya dzenje. Anavula chisoti, anayankhula mawu awiri atatu motsitsa, n'kubwerera kugalimoto yake. Amuna anga anamulondola pang'ono akusakasaka m'mutu liwu la njala m'Chizungu, koma silinabwere.

Zimene ndinawanena tsiku limenelo sindingazibwereze pano, ndine mayi wamvano. Ndinawakumbutsa kuti Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinati mwanayu akafa, akamukwirire ndi Chizungu chawocho. Mudzi wonse unawakwiyira, anthu ankawalambalala panjira, ana akuwakuwiza kuti "a Nkhanga". Iwo anavula jekete lija n'kukhala kuseri kwa nyumba, mutu uli pansi. Ndinali ndi ukali, koma ndinawamveranso chisoni, chifukwa mwanayo ankamukonda kuposa diso lawo.

Patangopita masiku ochepa tinamva kulira kwa lole. Inaima pa mtengo wa mango womwe uja, matumba a chimanga ali mbwee. Mesenjala anatsika n'kufunsa, "Ali kuti bambo aja odziwa Chizungu chakuya?"

Anthu anawakoka amuna anga kuseri kuja, iwo akuganiza kuti abwera kudzawamanga chifukwa cha nkhanga zabodza.

"Bwana akuti midzi yonse imene anayenda, anthu ankangolira, osamveka," anatero mesenjala. "Koma kuno anafunsa za hanga, ndiye kuti njala pa Chizungu, inu n'kumuyankha ndi liwu la m'mabuku. Akuti ngakhale akalaliki ake salidziwa."

"Hanga ndi njala?" anafunsa amuna anga ndi mawu aang'ono.

"Nanga n'chiyani?"

"Nanga lampanti?"

"Aa, mukundiyesa eti? Si chinthu choipa chikafalikira ponseponse popanda wochiletsa? Nthomba, umbava, dzombe. Zabwino satero ayi."

Msodzi mnansi wathu anayamba kuseka, n'kugwa pamchenga. "Wallahi! Ndiye madalitso aja munapempha kutchalitchi ndi amenewa?" Anthu amene analibe mphamvu yoyenda anaseka mpaka misozi. Ine ndinakumbukira chikondi chija cha lampanti, ndinaseka mwana akugwedezeka kumsana.

Amuna anga sanaseke nawo. Anasenza thumba lathu n'kulumbira kuti liwu limenelo silidzatulukanso pakamwa pawo.

Mwanayo ndinayamba kumumwetsa phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono. Masiku oyamba ankangomeza maso ali chitsinzire, osatulutsa mawu. M'mawa wina bambo ake anatenga chipande kuti amugawire okha. Anagwada patsogolo pake n'kufunsa, osayembekeza yankho, "Mayi wanga, ndikuikire lochuluka bwanji?"

Kamwanako kanatukula mbale ndi manja onse awiri, kanawayang'ana, n'kunena ndi mawu okhwekhwereza, "Lampanti."

Bambo aja anadzaza mbale mpaka phala kutayikira, misozi ikugwera momwemo. Palibe amene anamukonza mwanayo.