Mmene Tinasudzulira Rasi Sungani

Matipate atabwera mu 1994, aliyense anatola ufulu umene unamukomera. Atsikana anayamba kuvala mathalauzi, ena anatsegula matchalitchi awoawo pansi pa mitengo. Alamu anga a Sungani Namakhwa anasankha ufulu wosapesa. Anataya chipeso, tsitsi n'kulendewera mpaka m'mapewa, ndipo anatiuza kuti tiziwatchula kuti Rasi.

Ameneyu ndiye mwamuna amene mkulu wanga Malita anatibweretsera kwathu kwa Milonde. Anabadwira m'nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi, kumene bambo awo ochokera ku Mozambiki anathyola tiyi mpaka kufa. Mudzi analibe. Ukawafunsa kwawo, ankakuuza nambala ya nyumba. Tsono kwathu kuno mwamuna ndi amene amatsatira mkazi. Amamanga pa malo a apongozi, amalima, amabereka, koma ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini wawo ndi atsibweni awo. A Sungani anauzidwa zimenezi tsiku loyamba, anavomera ndi mutu akuimba mluzu.

Kulima ankalima, ndisawanamizire, kungoti mzere umodzi nyimbo zitatu. Gitala yoyamba anaipanga ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Njingayo inali ya achimwene athu a Godwin, amene anadziwa za nkhaniyi ali pakati pa mtsetse wopita kumsika.

Anthu ena amabereka ana kuti adzawathandize kumunda. Alamu anga ankabereka bandi. Honest atangoyamba kuyenda anamupatsa ng'oma. Lettie anamupeza ndi mawu. Womaliza, Dan, analibe mawu ngakhale pang'ono, ndiye anakula n'kupeza nyimbo zosafuna mawu, zimene amati hipihopu. Malita, munthu amene tinkamuyesa wanzeru pabanja pathu, ankaima pambali n'kumagwedeza maseche. Bandiyo anaitcha Ana a Namakhwa, ngati kuti kuno ana amakhala a bambo.

Mukanamva zimene ankaimba! Bambo akukoka rege pang'onopang'ono, Honest akuswa ng'oma za tchopa, kenako Dan n'kulowerera akuthamangitsa mawu ngati kondakitala wa minibasi ya ku Limbe. Pamwamba pa zonsezi, Lettie ankaimba m'Chilomwe chimene bambo ake anatola kwa bambo awo, chimene ifeyo tinali titasiya kale poopa kusekedwa mu basi. Ine ndinkati ndi phokoso, ndipo ndinkanena mokweza. Koma pa ukwati wina ndinaona amayi achikulire atasiya mbale zawo, akupukuta misozi ndi zitenje, pomva chinenero cha makolo awo chikutuluka mu sipika.

Atayamba kuitanidwa kwa Chonde ndi ku Boma, nyimbo yawo itamvekanso pa wailesi, mwadzidzidzi tonse tinakumbukira kuti ndife abale. A Godwin, amene anatha zaka khumi akunena kuti ng'oma zimenezi n'zachikunja, anagula jekete n'kuyamba kunena kuti "ana angawa."

Malita anamwalira mu 2016. Anadwala milungu itatu yokha. Alamu anga sanakhudze gitala chaka chathunthu, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa phokoso lija.

Chaka chitatha tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuti tiwasudzule, ndiye kuti kuwamasula ku ukwati kuti azipita kwawo. Si lamulo kuti munthu achoke. Ngati amayi a pamudzi anena kuti akhale alere ana, amakhala. A Godwin anayankhula bwino kwambiri tsiku limenelo. Anathokoza mkamwini chifukwa cha khalidwe labwino, zimene anali asananenepo mwini wake akumva. Kenako anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinatsala wamkulu mwa akazi.

"Achemwali a Joice, pali mawu?"

Mawu oti ndinene anali amodzi okha, akhale. Koma ndinali nditawanyoza bambowa zaka makumi awiri ndi ziwiri, pachitsime, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Ukwati wanganso unali utatha. Ndinaona kale milomo ya anthu ikunena kuti Joice akufuna mwamuna wa malemu mkulu wake, wosapesa m'mutuyo. Ndinayang'ana pansi n'kumakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale.

Lettie ndi amene analankhula. "Atsibweni, nanga ababa apita kuti?"

"Kwawo," anatero a Godwin, mopanda ndi manyazi omwe.

Honest anaimirira kuti iye atsagana ndi bambo ake. A Sungani anamukhazika pansi. "Iwe khala. Munda wa amako uli pano. Ukanditsata ine udzalima pati, pa msewu?"

Ananyamula chikwama chimodzi. Gitala, sipika ndi ng'oma anasiya, akuti n'za ana. Anakapeza kachipinda kwa Chonde, n'kuyamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo. Ana amapita kukawaona, iwo amawabweza dzuwa lisanapendeke. Bandi inapeza manijala wa jekete, ndipo dzina linakonzedwa kuti ligwirizane ndi mwambo. Tsopano ndi Mbumba ya Godwin.

Mwezi wathawu anawo anakaimba kwa Chonde masana a Loweruka. Anthu anali osayamba. Manijala anali kutsogolo akugwedeza mutu mosemphana ndi ng'oma. Ine ndinaima kumbuyo, ndipo patsogolo panga ndinazindikira tsitsi lija, tsopano lili ndi imvi. Zala zawo zinkayenda pa thalauzi ngati akuimba gitala. Dan atalakwitsa polowera, ndinawamva akunong'ona, "Dikira, mwanawe, dikira."

Mayi wina wogulitsa nanazi anawafunsa, "Bambo, mukuoneka kuti nyimbozi mukuzidziwa. Ndi ana a ndani amenewa?"

"Ndi a eni ake a kwa Milonde, mayi," anayankha. "Ine ndinangokhalako."

Ndinafuna kuzemba, koma anali atandiona. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anaomba m'manja mwaulemu ngati mkamwini wa dzulo.

"Alamu, kumudzi kuli bwanji? Mvula ili pafupi. Mumuuze Honest akwere padenga, pali lata limodzi cha kuchipinda limadontha. Likapanda kukhomedwa munyowa."

Nyumba imene ankanenayo ndi imene anaumba njerwa zake ndi manja awo. Ndinasamukiramo patangotha mlungu iwo atachoka, ndinkauza anthu kuti ndikukalera ana amasiye. Sindinadziwe kuti anamva. Lata limenelo lili pamwamba penipeni pa bedi langa.