Ulusi wa Juzi Yanga pa Mbedza ya Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, pamene amalume anga a Lazaro anabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Chipangali. Anakhala zaka zambiri kumtsinje wa Zambezi akuperekeza alendo okonda kuwedza, ndipo pobwera anatsitsa pa lole bwato latsopano la matabwa, loyera mbee, lonunkha penti. Kwathu kulibe nyanja, kuli damu lomwera ng'ombe basi. Choncho anthu anayamba kunong'onezana kuti munthu wamutu wake sangagule bwato chifukwa cha timadzi timeneto.

Tsiku lina ndinapeza juzi yanga yofiira, imene amayi anayanika pampanda, itadulidwa ulusi kumkono. Sinali mbuzi ayi, podulapo pankaoneka kuti padutsa lezala. Mlongo wanga wamng'ono ananena kuti anaona amalume ataima pampandapo. Abambo atamva, anasamba m'manja chakudya chisanathe.

"Munthu sadula chovala cha mwana wa mlongo wake popanda chifukwa," anauza amayi. "Bwato lija lifuna mutu wa munthu. Wokhwima sapita kutali, ayambira m'nyumba."

Amayi anawazazira kuti asanyoze mlongo wawo. Koma pambuyo pake ndinawaona ali okha kuseri kwa nkhokwe, akuitembenuzatembenuza juzi ija. Apo ndi pamene mantha anandigwira zenizeni.

Loweruka m'mawa, abambo atapita ku Chipata kukagulitsa mtedza, amalume anatulukira pakhomo akumwetulira. "Mphwanga, tiye ukaone bwato likulowa m'madzi," anatero. Ndinayang'ana amayi. Iwo sanandikanize, pakuti kutero kukanakhala kumutchula mlongo wawo kuti ndi mfiti pamaso pake. Ndinapita nawo.

Kudamu tinapeza anzawo a amalume a paubwana, a Tembo ndi a Mbewe, ali ndi mitengo yawo yowedzera ya nsungwi ndi chitini cha nyongolotsi. Tinakankha bwato m'matope onunkha ndowe, tinakwera, ndipo amalume anapalasa mpaka pafupi ndi bango la kutsidya. Kenaka anatsegula kabokosi. Munali timbedza tovekedwa nthenga za nkhanga ndi ubweya wa mbuzi, ndipo pa kamodzi anali atakulungapo ulusi wofiira. Ndinauzindikira nthawi yomweyo.

"Nanga nyambo ili kuti, a Lazaro?" anafunsa a Tembo.

"Nyambo ni yomweyi. Kumene ninali amazitcha ntchentche."

A Tembo ndi a Mbewe anayang'anana. Ntchentche yovala nthenga za nkhanga tinali tisanaionepo.

Kaponyedwe kake nakonso kanali kachilendo. Amalume ankavinitsa chingwe m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati munthu wokusa ng'ombe ndi chikoti, kenaka nkuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Posakhalitsa madzi anati phwaa, chambo chachikulu chili pambedza. Chinabwera china, ndi chinanso, pamene nyongolotsi za anzawo zinkangonyowa chabe. Nsomba iliyonse ikagwa m'bwato ndinkadzigwira pachifuwa kuti ndimve ngati mpweya wanga wayamba kuchepa. Ndinamva a Mbewe akunong'oneza mnzawo kuti, "Nsomba siidya nthenga. Izi zikuchita kuitanidwa." A Tembo anafunya miyendo kuti chambo chophiriphitha chisawakhudze.

Amalume, poona kuti m'bwato mwati zii, anaganiza kuti tatopa nkuonerera. Anandipatsa mtengo wawo, anagwira dzanja langa, tinaponyera limodzi. Chingwe chinakoka, chambo chinatuluka ulusi wanga uli pakamwa pake. M'malo moseka, ndinayamba kulira mokweza.

"Walasidwa ndi mbedza?" anafunsa modabwa.

"Ulusi wanga," ndinatero ndikusisima. "Akuti mufuna kundipha chifukwa cha bwato."

Sindidzaiwala nkhope yawo. Sanakwiye, nkhope inangogwa ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro. Anatembenukira anzawo aja, koma onse awiri anali akuyang'ana m'madzi.

"Nanunso, a Tembo? Ise tinaweta mbuzi pamodzi."

Amalume anatenga lezala, anamasula kantchentche kaja pamaso pathu, nkuyala zonse pathabwa: nthenga payokha, ulusi pawokha, mbedza yopanda kanthu. Anafotokoza kuti nsomba imayesa kuti ndi kachilombo kagwera pamadzi, ndipo chofiira chimaikopa. Ulusi wotero anausowa m'mudzi monse, nkuuona pampanda, ndipo sanaganize kuti kaulusi kotalika ngati chala nkofunika kupempha.

"Tamva," anatero a Tembo. "Koma tifikitseni kumtunda."

Titafika, a Tembo ndi a Mbewe anatsika osatenga ngakhale nsomba imodzi. Tinatsala awiri. Amalume anakhala m'mphepete mwa bwato, kenaka anaika ulusi uja m'manja mwanga nkundipinda zala. "Ukapatse amayi ako, ukawauze kuti ninalakwa," anatero motsitsa mawu. Nditafika kunyumba, amayi anausokerera pamkono wa juzi pomwepo. Koma abambo chambo cha amalume sanachilawepo mpaka kalekale.

Lero ndine wamkulu, nanenso ndili ndi adzukulu ndi aphwanga. Ndimaona kuti amalume analakwadi, chifukwa anakhalitsa kwa eni mpaka kuiwala kuti kwathu chovala cha mwana sachidula mwakachetechete. Koma ifenso tinali ndi pakamwa. Abambo, amayi, a Tembo, onse anafunsana okhaokha, ndipo mwiniwake, amene ankakhala kuseri kwa mpanda womwewo, panalibe anamufunsa. Ngakhale atamasula nthenga ija, amene anali atagamula kale mumtima sanasinthe.

Tsiku lija ndinkayesa kuti amene ali pangozi m'bwato ndine. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti anali amalume, munthu amene anagwira ntchito kutali akulota zodzakhala pamadzi ndi anzake a paubwana. Ine ndinapitiriza kupita nawo kudamu, ndipo mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa. Anagula bwato la mipando inayi, koma kufikira linaolera m'bango, tinkakweramo awiri.