Khutu la Mtsikana wa Kumanzere

A Narita Tetsuo ankameta anthu mumzinda wa Hirosaki kuyambira ali mnyamata, ndipo sankakhulupirira munthu msanga. Wina akati mawa kugwa mvula, iwo ankatuluka kukayang'ana okha kumwamba. Mkazi wawo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi, Chisato, amene anapita ku Sendai n'kumati akugwira ntchito yolandira odwala kwa dokotala wa mano.

Tsiku lina akumeta mnzawo a Kasai, mlimi wa maapozi, wailesi inaika nyimbo yatsopano ya gulu lina la atsikana ovina atavala zigoba za nkhandwe kumaso. Lumo linaima m'malere.

"Iwe, ukufuna undidule khosi?" anafunsa a Kasai.

"Tamvera uyo akuyimba yekhayo. Si Chisato ameneyo?"

"Wakalamba, Tetsuo. Ana amenewa onse amalira ngati amphaka."

Madzulo anamuimbira foni mwanayo. Chisato anayankha ndi mawu osasa.

"Ndi chimfine, bambo."

"Chimfine m'chilimwe? Dokotala wakoyo dzina lake paja ndani?"

Chisato anazengereza pang'ono asanatchule dzina, ndipo a Narita anakumva kuzengerezako.

M'mawa mwake anakagula chimbale cha gulu lija, akuchita manyazi ndi wogulitsa. Pachithunzi cha pachimbalepo nkhope zonse zinali zobisika, koma mtsikana wa kumanzere tsitsi analikokera kumbuyo, ndipo khutu lake linali lopindika pamwamba. Khutu limenelo a Narita ankalizemba ndi sizasi kuyambira Chisato akukwawa. M'chimbalemo munalinso tikiti yokagwirana chanza ndi oyimbawo Loweruka ku Sendai.

Anatseka malo ometera, n'kukwera sitima. Anaima pamzere pakati pa anyamata onyamula timatawulo ndi ndodo zowala, iwo akuona aliyense ngati wofuna kuwabera mwana. Nthawi yawo itakwana, mtsikana wa kumanzere uja, chigoba chili kumaso, anatambasula manja awiri monga amachitira ndi aliyense.

"Zikomo pobwera," anayamba ndi mawu okoma a pantchito, kenako anauma. "Bambo. Mwatseka Loweruka?"

"Odwala mano ndi amenewa?"

"Ndikanakuuzani mukanakana."

"Ndikanakana, inde."

Sanataye manja a bambo ake. Mwamuna wina wa suti yakuda amene anaima kumbuyo kwake anagwira Chisato paphewa, n'kuuza a Narita mwaulemu kuti nthawi yatha.

Pobwerera m'sitima mkwiyo wa bodza lija sunachedwe kuzilala. Chimene chinawakhala pamtima ndi dzanja lija paphewa. Sabata yotsatira anagula chimbale china, anapachikanso chikwangwani choti atseka, ndipo a Kasai atawafunsa kumene akupita anangoti pali munthu wina wa suti amene akufuna kukamuyang'anitsitsa bwino.