Mono wa Bambo a Munthu Wina

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Leicester anandipezera ndi Anti Nachisale, namwino amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anamva kuti nyumba ina yoonetsera zaluso ikufuna wothandiza kunyamula ndi kupachika zinthu. “Kaapulayeni basi,” anatero, “mungakafere ku mashifiti a m'mafakitale a ku Corby.” Eni nyumbayo ananditenga mondiyesa kaye, kuti ndikalephera andionetse msewu.

Abwana anga anali a Gareth, bambo osakonda zolankhulalankhula. Anandiphunzitsa kuti bokosi likafika sulitsegula tsiku lomwelo, limayamba lagona kuti za m'kati zizolowere mpweya wa m'chipinda. Potsegula umavala magolovesi, kuchotsa siponji pang'onopang'ono, n'kuunika paliponse ndi tochi kuona ngati china chathyoka panjira.

Bokosi lina lalitali linachokera kumpoto kwa Australia, kwa Aaborijini, eni nthaka a dzikolo. Titavundukula ndinasuzumira m'kati. Munali mono, wautali kuposa munthu, wolukidwa ndi zingwe za m'nkhalango zonga chilambe. Kukamwa kunali kotambalala, m'kati muli kakhomo koti nsomba ikalowa isatuluke, kumchira n'komanga. Unkanunkhira utsi ndi udzu wouma. Kunja kunkawaza mvula ya kuno, koma ine m'maganizo ndinali nditafika kale kwathu ku mtsinje wa Bua, ndikuona bambo anga ali m'madzi olekeza m'mawondo, akutchera miono yawo pabiyo, mpanda uja wotchinga mtsinje, ine ndili kumtunda. Nthawi zonse ndinkakhala kumtunda. Bambo sankalola mwana wamkazi kukhudza mono. Ankati akaugwira kapena kuulumpha, nsomba zimaudana.

Tsiku lopachika, mnzathu wonyamula sanabwere. A Gareth anakwera makwerero ndi twaini wa nayiloni, n'kundiuza kuti ndinyamule monowo ndi manja awiri kunsi kwa mimba, osati kukamwa. Manja anga anakana. Sukulu ndinapita ine, koma mantha a paubwana sadziwa digiri. Ndinaopa kuti ndiwonongera anthu chinthu chawo chomwe chachokera kutali.

“Chisomo,” anatero a Gareth ali pamwamba, “ngati sungagwire zinthu, ntchito ino si yako.”

Mayi amene analuka monowo anali atabwera nawo kuchokera kwawo. Anakhala pampando pakona, atavala majekete awiri. Anafunsa chimene chavuta, ndipo ndinawauza nkhope ili pansi. Sanandiseke. Anati kwawonso kale miono inali ya amuna, koma bambo awo ataona kuti anyamata alibe nayo chidwi, anaphunzitsa iwo kuti luso lisafe. Anati mono umenewu uli ndi mtsinje wake, nyimbo yake, ndi makolo amene anauyamba, ndipo zina sakanandiuza chifukwa si za aliyense.

“Uwu ndi wa bambo anga, si wa bambo ako,” anatero. “Ndakuloleza ine. Nyamula.”

Ndinaunyamula. Unali wopepuka ngati lichero. A Gareth atamanga twaini kudenga n'kuyatsa magetsi, unayamba kutembenuka wokha pang'onopang'ono, mthunzi wake ukuyenda pakhoma, moti chipinda chonse chinaoneka ngati tili pansi pa madzi. Ndinalira, osati chifukwa cha ntchito imene inapulumuka, koma chifukwa bambo anga anamwalira ndisanagwirepo mono wawo.

Mpaka lero, chinthu chisanatuluke m'bokosi ndimayamba ndafunsa eni ake kuti angachigwire ndani, ndipo achigwire bwanji. Mwambo wa kwathu ndimaulemekeza, koma sindiusenzetsa katundu wa anthu ena.