Jekete ya Azakhali Inanunkha Fodya

"Kodi iwe, ine ndalankhula mpaka malovu kuuma, iwe wangoti pwepwe kawiri basi. Mawu enawo wameza?"

Anandifunsa choncho ndi azakhali anga, tikutsika masitepe a nyumba yosanja kutsidya kwa nyanja, kumene mpingo wathu unatituma kukalalikira. Kwathu azakhali amakolopa m'chipatala, ndiye anthu amangowatchula kuti Amopu, iwo n'kumavomera ndi mtima wonse. Ine ndinali nditangolemba mayeso omaliza a sekondale, ndipo ananditenga chifukwa chilankhulo cha kumeneko ndinachiphunzira kusukulu. Mumtima ndinkadziona nditaima pabwalo la msika, maikolofoni ili kukamwa, ndikumasulira ulaliki wa abusa, anthu n'kumafunsana kuti kamtsikana aka n'ka ndani. M'malo mwa maikolofoni, abusa anandipatsa azakhali.

Tinkayenda awiriawiri, khomo ndi khomo. Lamulo linali lakuti gogodani, perekani kapepala, itanirani munthu ku mapemphero, pitirirani. Anzathu pofika madzulo ankakhala atamaliza msewu wathunthu. Ife tinamatirira pa khomo loyamba. Anatsegula ndi agogo ena aamuna, okhala okha ndi galu wonenepa ngati pilo, ndudu ili pakamwa. Azakhali anasuzumira m'kati, n'kuona makapu ataunjikana musinki, ena atamera ndevu zobiriwira.

"Odi, odi," anatero, koma ali kale m'nyumba.

Anakoleka jekete pampando, n'kutsegula zenera, n'kupinda manja a bulauzi. Kuyambira tsiku limenelo tinkapitako m'mawa uliwonse. Azakhali anawapatsa agogowo dzina loti Achumuni. Iwo akutsuka, ine ndinkakhala pasofa pafupi ndi Achumuni kuti ndizimasulira.

"Uwauze kuti fodyayu awapha. Otere ndawaona ambiri akutuluka m'wodi ataphimbidwa nsalu mpaka kumutu."

Ine ndinati, "Akuti nyumba yanu ndi yabwino."

"Uwauzenso kuti galuyu akudya bwino kuposa mwini wake."

"Akuti galu wanu ndi wokongola."

Achumuni ankamwetulira, n'kumagwira pamtima. Azakhali ankandiyang'ana cham'mbali. Funso la pa masitepe lija linachokera pamenepo, ndipo ndinawayankha kuti chilankhulo cha kuno n'chachidule.

Gulu lathu linkagona m'holo ya tchalitchi chimene chinatilandira. Tikatha kudya madzulo tinkakhala mozungulira, pa zimene abusa anazitcha nthawi yokonzana. Poyamba zinali zabwino, kupempherera wosowa kwawo, kuthokoza wophika. Koma anthu akamagona m'chipinda chimodzi amayamba kudziwana mopitirira. "M'bale, m'chikondi cha Ambuye, mkonono wanu ukutibweza m'mbuyo muuzimu." "Mlongo, m'chikondi, madzi otentha kubafa si anu nokha." Munthu akangoyamba ndi mawu oti m'chikondi, aliyense ankabweza khosi, podziwa kuti chikwapu chakwera.

Madzulo ena adikoni anaimirira atanyamula jekete ya azakhali ndi zala ziwiri, ngati khoswe wakufa. Adikoniwo mphuno yawo imamva ngakhale tiyi amene munthu anamwa dzulo.

"M'chikondi cha Ambuye," anatero, "jekete iyi ikusuta."

Inazungulira gulu lonse. Aliyense ankanunkhiza, n'kupukusa mutu, n'kupatsira mnzake. Mayi wa kwaya ananunkhiza kawiri, n'kunena kuti anakhala akuona kale kuti Amopu amachedwa kubwera, timapepala tawo sitichepa m'chikwama, ndipo maso awo amafiira.

Abusa analankhula mofatsa. Anati ngati zili zoona, azakhali asiye kuyenda m'makomo, azikhala kukhitchini mpaka tidzabwerere, ndipo mwanayu, kutanthauza ine, azikamasulira ulaliki kumsika.

Azakhali nkhope inagwa. Kukhitchini sankakuopa, koma anali atauza Achumuni ndi manja kuti mawa adzachapa makatani, ndipo ankadziwa kuti pakhomo paja sipagogoda munthu wina.

"Iwe umayenda nawo," abusa ananditembenukira. "Unawaonapo akusuta?"

Maikolofoni ija inali itandifika kale pamlomo.

"Kuwaona sindinawaonepo," ndinatero, "komanso sikuti ndimawayang'ana nthawi zonse."

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anira simenti imene wina waponda asanamalize kukolopa.

"M'chikondi cha Ambuye, adikoni," anatero, "takanunkhizani nako kamwanaka."

Adikoni anabwera. Ananunkhiza juzi yanga, kenako tsitsi, n'kuyetsemula mpaka magalasi kutsetsereka.

"Abusa, aka ndiye n'kamene kakuwaphunzitsa!"

Zinali zomveka. Azakhali ankaima pazenera lotsegula, ine ndinkakhala mu utsi weniweniwo. Anthu anaseka mpaka mayi wa kwaya kutsamwa. Poopa kukhitchini, ndinafotokoza zonse: Achumuni, makapu a ndevu, galu, ngakhale za nyumba yabwino zija.

"Ohoo!" azakhali anawomba m'manja. "Ndiye nkhalamba ija imandimwetulira chifukwa cha bodza lako? Ine ndimayesa Mzimu wagwira ntchito!"

Adikoni anang'ung'udza kuti khomo limodzi si utumiki. Abusa anatenga jekete ija, n'kuikoleka okha pamsomali, n'kufunsa kuti mwa tonse amene tinainunkhiza, ndani anaganizako zofunsa mwini wake kumene imapita. Kenako anandiuza kuti kumsika akufunikabe womasulira, ndisankhe ndekha.

Ndinaganizira pamene ndinkatsuka mbale. Azakhali amaweruza anthu, zimenezo musakayike, ndipo pakamwa pawo palibe mabuleki. Koma amakuweruza ali m'nyumba mwako, manja ali m'makapu ako, akukuyang'ana m'maso. Ife tinawaweruza iwo kudzera pa jekete, eni ake ali pompo. Ndinakumbukiranso kuti Ambuye Yesu ankadya m'nyumba za okhometsa msonkho ndi ochimwa. Sindikukhulupirira kuti potuluka zovala zawo zinkanunkhira ngati za m'kachisi.

M'mawa mwake ndinapeza azakhali akulongedza sopo m'chikwama. Sanandiyang'ane.

"Maikolofoni yako ikukudikira, mayi mlaliki."

Ndinawalanda chikwamacho n'kuchikoleka paphewa. Ndinali nditatsimikiza kuti kumsika apite wina. Ine ndipita ndi azakhali kwa Achumuni, ndipo mawu awo ndikawamasulira onse osameza ngakhale amodzi, kuyambira a galu mpaka a nsalu ya m'wodi aja. Akakatithamangitsa, tikatsikira limodzi masitepewo, makatani ali m'manja.