Fani Yodya Palafini

Ndilengeze poyera, ndipo olemba alembe: kuchokera kwa Mponda mpaka ku Makanjira palibe munthu wodziwa injini yoyendera mpweya wotentha kuposa ine. N'zoona kuti ku koleji ndinachokako chaka chachiwiri popanda wonditsanzika. N'zoonanso kuti injini yotere ndinaionapo imodzi yokha, ndipo inali fani.

Inali yotalika ngati ine panthawiyo, ya miyendo itatu yachitsulo, mapiko anayi amkuwa, ndi kanyale ka palafini pansi pake. Amalume anaitenga kwa Mmwenye wina amene ankamulondera sitolo ku Boma. Iwo ankati anachita kupatsidwa. Sitinafunse zambiri.

Anabwera nayo mu Okutobala, tsiku limene bambo anatulutsidwa m'chipatala kuti akapumule kunyumba. Ine ndinasangalala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkayesa kutulutsidwa ndiko kuchira.

Ukayatsa kanyale sipachitika kanthu. Udikire chitsulo chitenthe, kenako ukankhe phiko ndi chala, chifukwa payokha siyamba. M'kati mwake muli mpweya wotsekeredwa, sutuluka ndipo wina sulowa. Ukafika pansi pamoto umafufuma n'kukankha pisitoni, ukakwera pamwamba pozizira umafota n'kuibweza. Sibangula ngati injini ya boti. Imangoti tiki-taka, tiki-taka, ngati munthu wandodo akuzungulira nyumba.

Mphamvu inalibe. Amalume anayesa kuimangirira ku makina osokera a mayi. Makina sanasunthe, fani inaima, mayi anangowayang'ana, nkhani inathera pomwepo.

Koma vuto lenileni linali Mangochi. M'mwezi umenewo kuno kulibe chinthu chozizira. Dzuwa likafika pamutu, malata n'kumathetheka, pamwamba pa injini pankatentha ndipo mapiko ankayamba kuzengereza.

"Imeneyi imadya kusiyana, iwe," anatero amalume. "Pamwamba pakafanana ndi pansi, kwatha."

Ndiye ndinapatsidwa udindo woyamba m'moyo wanga, mwinanso womaliza: kuviika chiguduli mumtsuko n'kuchiyala pamwamba pa injini. Chikauma, kuviikanso.

Bambo ankagona pamphasa, nthiti zikuwerengeka, mphepo ya fani ikugwedeza ndevu zawo. Palibe anandiuza, koma ndinadziwerengera ndekha kuti fani ikachedwa mpweya wawo umachedwanso. Ndikanyowetsa, mapiko ankathamanga, iwo n'kutsegula maso. Kuyambira pamenepo sindinapondenso ku madarasa kapena kunyanja. Anzanga ankandiitanira pazenera, ine n'kuwayankha kuti ndili pantchito.

Lero, ndi maphunziro anga a chaka ndi theka, ndikudziwa kuti tinkasonkha moto m'chipinda chotentha kale, cha zenera limodzi, ndi kununkhiza palafini munthu wodwala chifuwa. Mayi ankadziwa zimenezo popanda koleji. Tsiku lina anafuna kuitulutsa, bambo anati, "Isiyeni, imandichezetsa."

Alendo anayamba kuchuluka. Ankalowa akulankhula, potuluka ali duu. Ashehe anabwera kawiri sabata imodzi. Kenako amalume anafika ndi nsalu yoyera yatsopano m'jumbo, n'kuibisa pamtanda wa denga. Chiguduli changa chinali chitatha, ndiye ndinapempha kuti nding'ambeko kachidutswa ka fani. Mayi anadzuka n'kutuluka panja, ndipo anakhalitsa.

Lachisanu masana, amuna akukonzekera kupita ku mzikiti, moto wa kanyale unayamba kufiira. Palafini anali kutha ndipo aliyense m'nyumbamo sankaona, maso onse ali pamphasa. Ndinatenga ndalama yanga yachitsulo imene ndinkasunga m'kachitini, ndinayala chiguduli chonyowa bwino, n'kuthamangira ku okala, mchenga ukuwotcha mapazi.

Pobwera ndinapeza azimayi atadzaza pakhomo. Ndinadutsa m'miyendo mwawo. Bambo anali atafunditsidwa mpaka kumutu, kutentha konse kuja. Amalume anagwada pafupi ndi fani n'kuuzira kanyale.

Moto unazima, koma mapiko anapitiriza kuzungulira. Tiki-taka. Tiki... taka.

"Mwaona, amalume, ikuyendabe!" ndinakuwa.

"Ndi kutentha kotsala," anatero, osaiyang'ana n'komwe.

Ndinaima pamenepo mpaka mapiko anaimiratu, chiguduli chikudonthabe. Ndinali wokwiya ndithu. Sindinkamvetsa kuti munthu wamkulu angazimitse bwanji fani dzuwa lili pamutu, ine nditangobwera kumene ndi palafini wa makwacha asanu.